Chaka chathunthu ndikubetcha mahatchi kuno ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga akumudzi amene Loweruka likakwana timadzadzana mmashopu obetchera mahatchi kuno ku Joni. Ine ndimakhala ku Rosettenville, bwalo la Turffontein ndi pompano timangoyenda wapansi, ndiye mu Januwale 2024 ndinagula kakope ka ana asukulu nkumalembamo ndalama iliyonse yomwe ndabetcha, ati ndione ngati ndikuphulapo kanthu.

Mukanandifunsa mu Disembala ndikanakuuzani molimba mtima kuti chaka chayenda bwino. Mmutu munali tsiku limodzi lokha, la Durban July, mpikisano waukulu uja wa mamita 2200 umachitika ku Greyville Loweruka loyamba la Julaye. Hatchi yomwe ndinabetchera, Oriental Charm, itadutsa mzere ndinadumpha mpaka kugwetsa mpando, R100 yanga inabereka, usiku umenewo anyamata onse anadya nyama yowotcha pa ine. Koma nditakhala pansi kuwonkhetsa kope lija ndinatuluka thukuta, zolowa R4,300 zotuluka R11,800.

Yomwe inandimaliza kwambiri ndi Pick 6. Umayenera kulosera hatchi yopambana mmipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana, ndiye umapezeka wakhoza isanu, yomalizayo hatchi yako nkugonja ndi mphuno chabe, basi ukutukwana joki ngati akukumva, sabata yamawa wabwereranso chifukwa mtima ukuti udatsala pang'ono. Kubetcha kwina kuja kwa PA (Place Accumulator) timati nkophweka poti mumpikisano uliwonse hatchi ingokhala mwa zitatu zoyambirira, koma ukawina zimabwera nzochepa mwina yongokwana buledi ndi mkaka. Ndipo ambiri sitidziwa kuti ku tote ndalama tonse timaponya mthumba limodzi, eni ake amayamba atapapo gawo lawo kenako owina nkugawana zotsalazo, nchifukwa chake ngakhale uwerenge bwanji kabuku ka mipikisano, kulemera kwa joki, kaya bwalo lanyowa ndi mvula, thumbalo limabwera litaphwa kale.

Pali mdala wina mshopu mwathu amati ali ndi mlamu wosamalira mahatchi ndiye amamva zamkati, chaka chonse tamutsatira koma nsapato yake ndi yomweija yong'ambika kuchala.

R7,500 yomwe yapitayo inali ya malata, nyumba yanga ku Ntcheu idaima pa linta mvula ziwiri tsopano. Mayi a kunyumba akaimba pa WhatsApp ndimangoti abwana sanatilipire bonasi. Kope lija ndalibisa pansi pa matilesi, sindinawaonetsebe.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg