Za alendo a Chaucer ndi ana anga a kusekondale

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Kent kwayamba kuzizira, mdima ukumagwa tisanafike n'kunyumba komwe.

Unafunsa zomwe ndikuphunzitsa teremu ino. Ndili pa Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa kuno ku England amene anamwalira mu 1400, ndipo tikuwerenga chiyambi cha buku lake la ndakatulo, The Canterbury Tales, pamene akufotokoza alendo 29 amene anakumana pa nyumba ya alendo ya Tabard ku Southwark, ku London, ali pa ulendo wopita kumanda a bishopu wamkulu woyera, Thomas Becket, ku Canterbury. Chingerezi cha Chaucer chimazunguza mutu ngakhale ana obadwira konkuno, koma amazolowera msanga. Chimene chimawavuta kwenikweni ndi kudziwa khalidwe la munthu. Ukawafunsa, amasakasaka mzere wonena kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa. Chaucer sachita zimenezo kawirikawiri. Amangoyamikira, ngati mmene azakhali athu amanenera pa ukwati kuti mkamwiniyu nsapato zake n'zonyezimira zedi, iwe n'kumva kuti khasu saligwira.

Ndimayamba ndi mmodzi mwa alendowo, mayi wamkulu wa masisitere. Pa bolodi timalemba zimene udindo wake unkafuna, kenako zimene ndakatulo ikutionetsa. Amadya mwaulemu, nyenyeswa sizigwa, amapukuta mlomo mpaka m'kapu mwake simuoneka mafuta. Amalankhula Chifalansa cha ku Stratford, ku England konkuno, cha ku Paris sachidziwa. Akaona mbewa yakodwa pa msampha amalira, ndipo tiagalu take amatidyetsa nyama yowotcha, mkaka ndi buledi woyera wapamwamba. Ana amati, "Ndi wachifundo." Ine ndimangofunsa kuti nanga osauka ali pa mzere uti? Amayang'ana, sawapeza. Apa m'pamene kalasi imadzuka. Pa mkanda wake palinso kachitsulo ka golide kolembedwa m'Chilatini kuti chikondi chimagonjetsa zonse, ndipo mkangano wa chikondi chake chiti, cha Mulungu kapena chinacho, umatha belu litalira.

Mmonke wokonda kusaka nyama ndi agalu ake othamanga sachedwetsa, ana amamugwira okha. Amene ndimawauza kuti amuyang'anitsitse ndi wansembe wosauka wa kumudzi. Nkhope yake kapena zovala zake Chaucer sazitchula n'komwe. Timangomuona akuyenda wapansi, ndodo m'manja, mvula kaya mabingu, kukaona akhristu ake a kutali. Kwa ine phunziro lonse lagona pamenepa: amene wolembayo akumulemekezadi amamuonetsa ndi ntchito, pamene enawo amawaunjikira zovala ndi zakudya.

Mayi wa ku Bath ndiye amawasangalatsa onse. Anakwatiwa kasanu, anapita ku Yerusalemu katatu, amavala masokosi ofiira, ndipo mano ake ali ndi mpata. Atsikana amafuna kumusandutsa womenyera ufulu wa amayi wa masiku ano, anyamata ena amangomuweruza. Onse ndimawabweza ku mawu amodzi a koyambirira, akuti anali wogontha pang'ono. Chifukwa chake sichinenedwa pamenepo. Timadzachimva patsogolo kuchokera pakamwa pa iye mwini: mwamuna wake wachisanu, Jankyn, ankamuwerengera buku lonyoza akazi, iye n'kung'amba masamba ake, mwamunayo n'kumumenya m'mutu. Akamva zimenezi, ena amasintha maganizo, ena ayi, ndipo sindiwakakamiza, bola aliyense andionetse mzere umene waimapo.

Ntchito ya kunyumba ndawapatsa yoti afotokoze munthu wongopeka wa ntchito ya masiku ano, osalemba mawu akuti wabwino kapena woipa. Wina walemba za mphunzitsi amene kapu yake ya khofi siichoka m'manja. Sindinafunse zambiri.

Tayesa njira imeneyi ndi ana ako a Fomu 3 pa mabuku amene mukuwerenga kumeneko, undiuze mmene zidzayendere. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti ndidzawaimbira Lamlungu.

Ndine mnzako wakalekale.