Kwa mwana wanga wonyamula zitsulo ku Nchalo

Mwana wanga,

Kuno ku Ngabu tili bwino, kungoti dzuwa latikhaulitsa. Mlongo wako wandionetsa pa foni kanema wako ukunyamula zitsulo, mano utaluma, mitsempha ya m'khosi itatupa. Sindikukuletsa ayi. Nawo a bungwe la WHO amalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Chandidetsa nkhawa ndi kulemera kwa zitsulozo, nthawi imene ukunyamulira, ndi malungo amene unadwala mwezi wathawu. Ndinakalambira pa ntchito yoyeza magazi, choncho undimvere.

Ukakweza chitsulo chimene sungachibwereze kupitirira kawiri kapena katatu, madzi a m'magazi amathawira m'minofu, ena n'kutuluka ndi thukuta. Maselo ofiira amatsala othithikana, magazi n'kulimba ngati phala loiwalidwa pamoto. Nthawi yomweyo kapamba amafinyika n'kukhuthula zimene anasunga. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapulateleti, timaselo totseka bala tija, limakhala m'kapamba. Tikachuluka m'mitsempha, nazonso zoundanitsa magazi monga factor VIII zitakwera, magazi sachedwa kugwirana. Maselo oyera amakweranso, kenako ena mwa iwo amatsika kwa maola angapo.

Mulungu anatipanga bwino, poti thupi limatulutsanso zosungunula magazi ogwiranawo. Ukanyamula zolemera pang'ono, zoti ungabwereze kakhumi, zosungunulazi zimagwira ntchito bwino ndipo magazi savutika. Koma ukadzipanikiza mpaka mphamvu zonse kutha, zoundanitsa zimakwera kwambiri ndipo zimachedwa kutsika, pamene zosungunula zimabwerera pansi msanga ukangopuma. Thupi lozolowera limapirira zimenezi. Amene amavutika ndi munthu wakhala osanyamula kwa nthawi, ngati iwe chidwalireni, ndiye tsiku limodzi akufuna kufanana ndi anzake.

Ndiye onjezerapo chigwa chathu chino. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, inu muli m'kashedi ka malata dzuwa lili paliwombo. Madzi amene akutha m'thupi mwako pamenepo ndi omwewo oyendetsa magazi. Uzinyamula mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili pambali, ndipo usadikire ludzu. Usamagwirenso mpweya pokweza. Mu 1985 akatswiri a ku Canada anayeza anyamata onyamula zitsulo, ndipo wina BP yake inadutsa 480/350 pokankha ndi miyendo. Nthawi zonse timayembekezera 120/80. Uzitulutsa mpweya chitsulo chikamakwera.

Za malungo ndizo zandisowetsa tulo. Malungo amaphwanya maselo ofiira, amatsitsa mapulateleti, ndipo amatupitsa kapamba. Kapamba wotupa ndi wosalimba, angathe kung'ambika munthu akadzikakamiza kapena kugundidwa pamimba, magazi n'kumatayikira m'kati osaoneka. Kumaliza LA sikutanthauza kuti magazi abwerera m'malo mwake. Pita ku Montfort kapena ku chipatala cha boma ku Chikwawa, ukapemphe kuti akuyeze magazi onse ndipo akukhudze pamimba kumanzere, pansi pa nthiti. Mapulateleti a munthu wathanzi amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa mayikolita imodzi, kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi. Ukafunsenso za sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Pali anthu amene anatengera mbali imodzi yokha kwa makolo, sadwala konse, koma akadzipanikiza pa dzuwa opanda madzi, maselo awo ofiira angathe kupindika n'kutseka timitsempha.

Akakupatsa anzako jakisoni kapena mapilitsi okulitsa minofu, ukane. Mankhwala amenewo amachulukitsa maselo ofiira mopyola muyeso, magazi n'kumagwirana m'mwendo, m'mapapo kapena mu ubongo. Chifuwa chotambalala cha m'galasi sichingandilipire mwana. Nayo Brufen usamamwe mwachizolowezi minofu ikamawawa, imapweteka impso za munthu wouma m'thupi.

Ukaona mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kuwawa kukatumba, usautikite. Ukamva kubanika kapena kubaya pachifuwa, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka mawa lake la kunyamula, usadikire kuti kuche. Kwera kabaza kapena njinga yamoto, thamangira kuchipatala.

Pakali pano siya kaye zitsulo mpaka akuyeze. Adokotala akakuloleza, yambira pa zopepuka, uzionjezera pang'ono pang'ono sabata ndi sabata, ndipo uzidumphitsa tsiku kuti minofu ipume. Uzidya nsomba, nyemba ndi masamba a cham'mwamba kuti magazi abwerere. Pobwera mwezi ukatha utenge pepala la zotsatira, ndikufuna ndidzaliwerenge ndekha. Amayi ako akupereka moni, akuti usaiwale shuga.

Ndine,
Bambo ako