Amayi, lolani amutenge madzi a pamsana

Cosmo City, Johannesburg
Lachitatu usiku

Okondedwa amayi ndi achimwene,

Ndakulonjerani nonse a ku Santhe. Za ine musadandaule, thupi lili bwino, koma mtima uli m'malere chilandirireni uthenga uja Lolemba. Pafoni paja tinkangolankhula modutsana, ine kulira inu kulira, netiweki nayo kudukaduka, ndiye ndati ndilembe kuti mng'ono wanga akuwerengereni pang'onopang'ono muli pamodzi.

Kavidiyo kamene ananditumizira pa WhatsApp ndakaonera kosawerengeka. Mwana wanga wagona chammbali pa chitenje cha maluwa achikasu chija ndinakusiyirani, mutu wakokekera kumbuyo, maso watsinzina ngati kuwala kwa pawindo kukumubaya. Pamene namwino akuyesa kumuweramitsa kuti chibwano chifike pachifuwa, kulira kwakeko sindinakumvepo chimuberekereni. Mwana uja amapirikitsa nkhuku tsiku lonse osatopa.

Amayi, munachita bwino kumukweza kabaza usiku womwewo osadikira kuti kuche, ndipo a kuhelesenta atati apite ku chipatala chachikulu pa boma ku Kasungu simunazengereze. Matenda oumitsa khosi sadikira munthu. Akhoza kutenga mwana tsiku limodzi lokha.

Tsopano ndamva kuti adokotala apempha kuti amutenge madzi a pamsana, ndipo achimwene mwati ayi, muyambe mwaganiza. Achimwene, mwini mbumba ndinu, ndipo ndinu amene mwakhala mukundilerera mwanayu chichokereni ine ali ndi zaka ziwiri. Sindingakuderereni. Koma ndikugwada, vomerani.

Ndikudziwa chomwe chikukuopsani. Ndi mwana wa asuweni athu uja, anamubaya pamsana madzulo, m'mawa tikumva mfuwu. Tonse tinkati yamupha ndi singano, inenso ndinkanena zomwezo pa maliro paja. Koma takumbukirani bwino. Mwana uja anakhala masiku anayi panyumba akumumwetsa panado ndi kumutemera mphini, kuchipatala anafika atakomoka kale. Matenda anali atadya kale munthu.

Kuno kuli mayi ena a kwathu konko amene timapemphera nawo, ndi namwino. Dzulo nditaweruka ndinapita kwawo, anandikhazika pansi n'kundijambulira papepala. Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo mmenemo mumayenda madzi. Tizilombo tikalowamo kachikopako kamatupa, n'chifukwa chake khosi limauma ndipo mutu umawawa koopsa. Singanoyo amailowetsa m'munsi, cha m'chiuno, kupitirira pamene mtsempha uja unathera, ndiye siukhudzidwa. Amatengako madzi pang'ono chabe, ndipo thupi limabwezeretsa tsiku lomwelo. Madzi abwino amaoneka mbee ngati a pamjigo. Akatuluka a mbuu ngati otsukira mpunga, adokotala amadziwa kuti muli tizilombo, ndipo kulabu amatha kuona mtundu wake. Akaona kuti mwana wafooka kwambiri, iwo eni ake amayamba ndi mankhwala, singanoyo n'kudzabaya pambuyo. Amadziwa chochita, asiyireni.

Mwati mwina ndi malungo chabe, poti atamubaya pachala anapezeka nawo. Inenso ndikulakalaka zikanakhala choncho. Koma malungo aakulu ndi matenda amenewa amafanana zedi, kutentha thupi, kusanza, linjirinjiri, kugona osadzuka. Komanso kwathuko mwana atha kukhala ndi malungo m'magazi kwinaku enawa ali momwemo. LA sapha tizilombo ta matenda oumitsa khosi, ngakhale atamwa mapaketi angati. Pongomuyang'ana ndi maso palibe angasiyanitse.

Mng'ono wanga wandijambulira kabuku kake ka kuchipatala, ndaona alembamo ceftriaxone. Ndi mankhwala oyenera amenewo, amadutsira pa kanyula ali padzanjayo. Nthawi zambiri amabaya masiku 10, pena kuposa. Chonde amayi, akayamba kupempha phala tsiku lachitatu musati wachira tizipita. Ndikudziwa kugona pansi m'wodi pa msinkhu wanuwo si masewera, ndi msana wanu uja, kuphikira pa mafuwa ku khitchini ya magadiyani. Muzisinthana ndi mng'ono wanga, koma mwana asatuluke mpaka adokotala anene okha.

Zija akunena anthu, zoti mwana amulodza chifukwa amake ali ku Joni akutumiza ndalama, zandipweteka. Zisakulowetseni mantha. Kupemphera pempherani, abusa abwere pawodi pomwepo, ifenso kuno tikusala Lachisanu. Koma aliyense wobwera ndi kabotolo pansi pa chitenje, ngakhale akhale m'bale, mubwezeni mwaulemu.

Usiku ndimadzifunsa kuti ndinalakwitsa pati. Katemera ndinamubayitsa yense, wa masabata 6, wa 10, wa 14, ndimayenda naye kusikelo ngakhale mvula ikugwa. Mayi aja andiuza kuti katemera wa chibayo amene anayamba kwathu mu 2011 amatetezanso ku matendawa, koma mitundu ya tizilombo ndi yambiri, sangaitseke yonse. Zandipepuza pang'ono. Komabe tsiku lonse ndimakhala ndabereka mwana wa abwana ku Randburg, kumudyetsa, kumugoneka, wanga ali pa dilipi kutali. Lero ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Khanda la mng'ono wanga musapite nalo m'wodi. Likatentha thupi, kukana bere, kapena liwombo likatukuka, thamangani nalo osadikira khosi, poti makanda nthawi zambiri khosi siliuma n'komwe.

Ndatumiza R1,500 pa Mukuru m'dzina la achimwene. Mugule makala, ndiwo, sopo ndi mayunitsi, yotsala ikhale ya thiransipoti ngati atakutumizani ku Central ku Lilongwe. Mbuzi zija musagulitse, chimanganso ayi. Abwana andilonjeza kundipatsiratu malipiro a mwezi uno. Zikavuta ndikwera basi ku Park Station, kungoti ulendo wodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Dedza ndi wa masiku awiri, pena atatu. N'chifukwa chake yankho lanu, achimwene, likufunika mawa m'mawa adokotala akamazungulira, osati ine nditafika.

Chinanso, matendawa nthawi zina amasiya mwana wogontha, ndiye musanatuluke mupemphe amuyeze makutu. Akadzuka, ngakhale pakati pa usiku, mundifulashe, foni ndikugona nayo m'manja. Muyiike pakhutu pake ndimuitane dzina lake, mundiuze ngati watembenuka.

Ndine mwana wanu,
make wa mdzukulu wanu