Zoyezera mimba zothera panjira zifike kuno ku Salima

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ana obadwa masiku asanakwane, chifukwa kuno kwathu ku Salima timangozitenga ngati tsoka logwa mwadzidzidzi, pena mpaka kulozana zala kuti wina wamuchita chipongwe mayiyo, pomwe a zaumoyo anafika kale poti amatha kumuyeza mayi oyembekezera nkuona kuti mimba iyi ikhoza kutha msanga.

Mwana akabadwa mimba isanafike masabata 37 ndiye kuti masiku sanakwane. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anati mu 2020 ana 13.4 miliyoni anabadwa chonchi padziko lonse, ndipo lipoti lina la 2012 linaika Malawi pamwamba penipeni, ana 18 pa 100 aliwonse. Nde si nkhani ya kutali ayi, ndi yathu yomwe.

Thupi la mayi limapereka zizindikiro zoti maso sangaone koma zoyezera zimaona. Pali china amachitcha fetal fibronectin, chili ngati guluu omata thumba la mwana ku chiberekero. Chikayamba kupezeka kunjira ya mayi pakati pa masabata 22 ndi 34 ndiye kuti mwina thumbalo layamba kumatuka. Amangotenga kathonje nkupukuta pang'ono basi. Ubwino wake waukulu uli poti akayeza nkupeza palibe, mwayi oti mayiyo achira mu sabata imodzi kapena ziwiri zikubwerazo umakhala ochepa kwambiri, nde anesi amadziwa oti abwerere kunyumba ndi oti asachoke pafupi. Palinso sikani yoyeza kutalika kwa khomo la chiberekero mimba ili pakatikati, likapezeka lafupika osafika mamilimita 25 madokotala amatha kumupatsa mayi mankhwala a progesterone omwe amathandiza kuti mimba ipitirire. Ku America, akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ku California mu 2018 anaonetsa kuti magazi a mayi okha amatha kulosera za kubereka msanga, ngakhale anayesa pa amayi ochepa ndipo ntchitoyo ikadali ya kafukufuku.

Wina afunsa kuti kudziwiratu kuthandiza chani poti mwana akafuna kubwera amabwera basi. Kumathandiza kwambiri. Mayi wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka akauzidwa kuti ali pachiopsezo amapita kuchidikiro nthawi ilipo, osati kuyamba kusaka kabaza pakati pa usiku madzi atasweka kale, mvula ikugwa, msewu uli matope okhaokha. Ngati ndi kofunika kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe amanyamuka mwana akadali m'mimba, komwe ndi kotentha bwino kuposa mu ambulasi. Komanso pali jakisoni wa dexamethasone okhwimitsa mapapo a mwana, amene amaperekedwa pakati pa masabata 24 ndi 34, ndipo amafunika abayidwe mwana asanabadwe. Akabadwa kale mpata umenewo wapita.

Mwana wa mchemwali wanga anabereka mimba ili ndi miyezi 7. Kamwanako kanali kochepa moti chipewa choluka chimatsetsereka mpaka kuphimba mphuno, mkaka amachita kufinyira mukakapu nkumakamwetsa pang'onopang'ono, mayi ake akatopa agogo ake amakaika pachifuwa pawo nkumanga chitenje, kangaru uja. Anapulumuka, pano akuthamanga. Koma mtsikanayu anayamba sikelo mochedwa, ndipo tsiku lomwe anapita anauzidwa kuti zoyezera mkodzo zatha.

Apa ndi pomwe mtima wanga ukuwawa akonzi. Tisanafike ku zoyezera zodulazo, pali zizindikiro zotchipa zomwe timazidziwa kale. BP kukwera komanso mapuloteni kupezeka mumkodzo, imeneyo ndi nthenda yomwe imakakamiza madokotala kuchotsa mwana msanga kuti apulumutse mayi. Kuchepa kwa magazi, chindoko, matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zimayezeka ndi timapepala kapena kadontho ka magazi a pachala. Malungo ndiye osanena, ife a kunyanja udzudzu sutisiya chaka chonse, ndipo malungo a mayi oyembekezera amabweretsa mwana msanga kapena onyentchera, nchifukwa chake kusikelo amapereka Fansidar ndi neti. Ngakhale nkhama zotupa zili momo, a sukulu ya zachipatala ya Baylor anachita kafukufuku konkuno ku Malawi ndi amayi opitilira 10,000 ndipo omwe amatafuna chingamu cha xylitol chothandiza kuteteza mano ndi nkhama anabereka msanga ochepa kuyerekeza ndi anzawo.

Ife amayi nafenso tili ndi gawo. Chizolowezi chobisa mimba mpaka ionekere yokha, ati kuopa anthu oipa, chikutipweteka chifukwa zoyeza zonse ndatchulazi zimadalira kudziwa kuti mimba ili ndi masabata angati. A WHO amati mayi aonedwe ka 8 ndipo apangidwe sikani kamodzi masabata 24 asanakwane. Ukapita koyamba uli ndi miyezi 6 ndiye kuti zambiri zakudutsa. Abambo nanu, musamangoti za sikelo ndi za azimayi, ndalama ya kabaza ija imachokera kwa inu.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri athu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi loti zoyezera zatsopanozi aziyese pa amayi akuno, chifukwa mayi amene wadwala malungo kawiri ali ndi pakati ndipo amaweramira mumunda wa mpunga tsiku lonse sangafanane ndi wa ku California. Zikaoneka kuti zikugwira, zisathere mu zipatala zolipira za m'tauni. Ndipo pomwe tikudikira zimenezo, chipatala chilichonse chaching'ono m'boma lino chikhale ndi makina a BP ogwira ntchito, timapepala toyezera mkodzo ndi magazi, komanso tsiku lodziwika pamwezi lomwe sikani imabwera kuti amayi azidziwiratu.

Mayi okhudzidwa,
Salima