Mapazi akowo upite nawo kuchipatala

Mwana wanga,

Mlamu wako wafika kuchokera ku Joni, katundu ndalandira zikomo, koma zomwe wandiuza zandisowetsa tulo. Akuti nsapato sizikukukwananso, ukungoyendera masilipasi, mapazi atupa mpaka mu akakolo, pomwe iwe pafoni umangoti zili bho amayi. Bho yake iti? Akutinso Loweruka lililonse uli pa botolo ndi anzako aja.

Usandiuze zoti waponda mankhwala, ndikudziwa anzakowo ayamba kale kukunamiza choncho. Dinikiza chala pamwendopo, pakatsala kadzenje ndiye kuti ndi madzi, ndipo madzi sangodzadza okha, pali china mkatimo chatopa, kaya impso, kaya mtima, kaya chiwindi. Ine mantha anga ali pa chiwindi chifukwa cha mowawo. Amalume ako anayamba chonchi, mapazi kaye kenako mimba ngati mayi woyembekezera, maso chikasu, gadiyani wawo ndinali ine pachipatala cha boma pano, kugona pansi pambali pa bedi. Nawonso ankati kachasu wake ndi wapang'ono chabe.

Upite akakutenge magazi, osati kumangogula Brufen ndi Diclofenac pashopu, amenewo ukamamwa pafupipafupi amapweteka impso. Papepala la zotsatira uyang'ane creatinine, ikakwera ndiye kuti impso sizikusefa bwino, akuyezenso mkodzo, BP ndi shuga poti BP ndi shugayo ndi zomwe zimawononga impso munthu osamva kuwawa. Palinso albumin, amapangidwa ndi chiwindi, akatsika madzi amatuluka m'mitsempha n'kukadzadza kumapazi ndi m'mimba, ndi zomwe zinawachitikira amalume akowo. ALT ndi AST zikakwera ndiye chiwindi chavulala, uwapemphe ayezenso hepatitis B. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ya mwamuna siyenera kutsika pansi pa 13, magazi akachepa kwambiri mtima umalefuka mapazi n'kutupa.

Adokotala uwauze zoona za mowa, usachite manyazi. Uwauzenso kuti unakulira kunyanja. Paja iwe unkaswera m'madzi ku Makawa kuja n'kumabwera ukukodza magazi, ndikukalipire lero mawa wapitanso, unali mwana wosamva koma wokondedwa. Likodzo likakhalitsa limafika ku impso, lina la m'matumbo limaumitsa chiwindi, ndiye pamenepo uthireponso mowa mwana wanga?

Ukaona kuti mwendo umodzi wokha ndi umene watupa, ukupweteka komanso ukutentha, kapena ukubanika ukagona, usadikire Lolemba, magazi amatha kuundana mumtsempha, pita tsiku lomwelo. Mchere uchepetse, ukakhala pansi miyendo uziyikweza pampando.

Ndalama za mwezi uno usatumize, malata adikira, upitire kuchipatala. Pepalalo ulijambule utumize pa WhatsApp ya mchemwali wako ndione ndi maso anga kuti unapitadi. Ndipo mowawo usiye, wamva? Sindikunena zochepetsa ayi, usiye.

Ndine mayi ako