Za gogo wa m'buku lija

Aise,

Uthenga wako ndauona, ndaseka ndekha mu minibasi. Ukuti gogo wa m'buku langa ndimpatse mphamvu zonse, aziuluka pa lichero, azisanduka fisi, azilavulanso moto ngati mafilimu ukuonera ku Johannesburg kwakoko? Ayi aise, munthu woti palibe chomugonjetsa ungamuwerenge mpaka kumapeto iwe? Kwathu kuno mphamvu siibwera yaulere. Wokhwima aliyense amene timamumva ali ndi chizimba chake ndi choletsa chake, wina asamasambe, wina asadye therere, akangophwanya basi misala. Ngakhale Kamdothi wa m'nthano uja timamumvera chisoni chifukwa cha mvula imene akuithawa. Makewana wa ku Msinja konkuno ku Lilongwe, mwini mvula weniweni, sankakwatiwa, tsitsi sankameta.

Ndiye gogo wangayu mphamvu ali nayo imodzi yokha, yoitana mvula, koma akangoitana amaiwala dzina la mdzukulu mmodzi. Masana amagulitsa tomato ku Kawale, amakangana ndi makasitomala za chenji, bondo limamuwawa. Chilala chikafika anthu akumulirira pakhomo, iye wakhala pa mkeka akuyang'ana tiana take kuti atsala angati owadziwa. Pamenepo ndi pamene ndikufuna owerenga asowe tulo.

Koma bukuli lindiphetsa. Ndinakafunsa za zizimba kwa ogulitsa zitsamba mumsika, sindikudziwa anandiona ndani, pano a Nambewe akandiona akulowetsa ana m'nyumba, moni akuyankha ndi mphuno. Alandilodi nawo dzulo akuti bwanji nyali yanu siizima usiku. Nyali! Kandulo ya polembera, poti magetsi akungozimazima! Mawa umva kuti ndinatera ndi lichero pa denga la tchalitchi. Lamulo la 1911 lija limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya limawerenga lamulo? Ine ndi miseche chabe, agogo enieni m'midzimu akumenyedwa mpaka kufa pa nkhani zomwezi, ndiye ndikamalemba dzanja limalemera, ndisakawonjezere nkhuni pamoto.

Mlamu wako wachira, ndi wamwamuna. Mtengo wa shuga wakweranso, chaja ya laputopu ija unalonjeza mpaka lero zii, ndikulembera m'kope la ana asukulu ngati wa Sitandade 5.

Chaputala chomaliza ndikuganiza kuti mdzukulu wotsala yekhayo ndi amene akamupemphe mvula, osadziwa kuti... aa kandulo ikutha, ndidzakuuza