Mawu ozungulira pa DVD yopanga nokha amayambira pojambula

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mchitidwe wa anthu ena opanga okha zimbale za DVD pakompyuta, amene amalemba 5.1 pachikuto pomwe mawu a m'chimbalemo anajambulidwa ndi maikolofoni ya pakamera basi. Mawu ozungulira enieni, amene 5.1 imatanthauza, amagawidwa m'matchanelo (njira za mawu) 6, opita ku sipika yakumanzere, yakumanja, yapakati, masipika awiri akumbuyo, ndiponso ku subwoofer, imene imalandira besi yakuya yosapitirira 120 Hz. Munthu akatenga mawu a stereo, a matchanelo awiri okha, n'kungowakopera m'matchanelo onsewo, womvera sapindula kanthu, chifukwa wolankhula amene akuoneka kutsogolo amamvekanso kumbuyo kwa mutu, ndipo zonena zake zimasokonekera.

Ntchito yeniyeni imachitika pa tsiku lojambula. Ngati ndi kwaya imene ikuimba m'holo, pamafunika maikolofoni ina pafupi ndi oimba, ndi ena awiri oyang'ana kwa anthu, kuti kuwomba m'manja ndi kulira kwa holoyo zidzapite ku masipika akumbuyo. Mawu a wolankhula aikidwe pakati. Akumbuyowo asakwezedwe kwambiri, ngakhale kuti mtima umafuna kutero munthu akangogula masipika atsopano.

Kwa amene ali ndi mawu ojambulidwa bwino, njira yodalirika yowapanikizira kuti adye malo ochepa ndi Dolby Digital, imene imadziwikanso kuti AC-3. Pa DVD imafika 448 kbps (muyeso wa deta pa sekondi), kotero kuti mawu a kanema wa maola awiri amangodya pafupifupi 400 MB pa chimbale cha 4.7 GB, pamene mawu osapanikizidwa a PCM, ngakhale a matchanelo awiri okha, amadya pafupifupi 1.4 GB pa nthawi yomweyo. Malo amene mawu alanda ndi malo amene chithunzi chataya, pakuti zonse pamodzi siziloledwa kudutsa 10.08 Mbps. DTS, njira ina yopanikizira mawu, ndi yabwino, koma malamulo a DVD sakakamiza makina onse kuiwerenga, choncho siyenera kukhala yokha pachimbale. Tisaiwalenso kuti waya wa optical wopita ku amplifier, makina okuza mawu, umanyamula PCM ya matchanelo awiri okha, ndipo 5.1 imadutsamo pokhapokha itapanikizidwa kukhala AC-3 kapena DTS. Ndalama si chopinganso masiku ano, popeza pulogalamu yaulere ya FFmpeg imatha kupanga AC-3. Chofunika kusamala ndi nyimbo zochokera pa CD, zimene zimakhala pa 44.1 kHz pamene AC-3 ya pa DVD imafuna 48 kHz, motero ziyenera kusinthidwa kaye.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa dongosolo la matchanelo. Fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV imaika kumanzere, kumanja, kenako pakati, koma mapulogalamu ena amatsata dongosolo la opanga mafilimu, loika pakati pamalo achiwiri. Zikasemphana, wolankhula amatulukira ku sipika yakumanja, ndipo besi imakathera kumbuyo, m'kasipika kamene sikangaikwanitse. Mankhwala ake ndi osavuta: jambulani mawu anu mukutchula dzina la sipika iliyonse payokha, muwotche pa chimbale chofufutika, kenako mumvetsere pa makina enieni a DVD, osati pakompyuta pokha.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi womvera amene alibe masipika 6, ndipo m'maganizo mwanga ndiye woyenera kuganiziridwa poyamba. Makina ake amasakaniza matchanelo kuti akwane m'masipika awiri a TV, ndipo potero kawirikawiri amataya tchanelo cha subwoofer chonse. Wopanga chimbale amene anakankhira ng'oma ndi gitala ya besi m'tchanelo chimenecho chokha adzamva kuti nyimbo yake yauma, iye n'kumaloza chala TV ya mwiniwake. Besi ya nyimbo ikhale m'matchanelo akumanzere ndi kumanja, chifukwa amplifier imatha kuitumiza yokha ku subwoofer. Ndipo popeza DVD imalola mitundu ya mawu yokwana 8 pa kanema mmodzi, palibe chifukwa chosaikirapo stereo yosakanizidwa mosamala ngati yoyamba, kuti 5.1 azichita kuisankha pa menyu amene ali ndi zipangizo zake.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu